Mlandu wa Ndowa Ziwiri

Mkamwana wanga, Dinah Nachisale, analakwa. Lachiwiri lina m'mwezi wa Meyi, chaka cha 1978, anandilankhula ine apongozi ake maso ndi maso, ali chiimire, alendo awiri ali pakhonde, nandiuza kuti kuyambira tsiku limenelo madzi osamba ndizikatunga ndekha. Atatero anaika ndowa yopanda kanthu pafupi ndi mapazi anga, nabwerera kukhitchini.

Amene sanakulire kuno ku Hewe sangamvetse kukula kwa cholakwachi ngati sindifotokoza mwambo wathu. Kwa ife, mkazi wa mwana wako, amene timamutcha mkamwana, salankhula ndi apongozi ake aamuna. Akakumana nawo panjira amapatuka, nagwada chakumbali mpaka iwo atadutsa. Satchula dzina lawo ndipo sadya iwo akuona. Akakhala ndi mawu amawapereka kwa apongozi aakazi, ndipo iwowo ndiwo amawafikitsa. Kutalikirana kumeneku kumatha pokhapokha apongozi aamunawo atapereka nkhuku kwa mkamwanayo, nkhuku yotsegula pakamwa. Ambiri amaipereka mwana woyamba akangobadwa. Ine ndinali ndisanaipereke, ngakhale Nachisale anali atakhala pakhomo panga zaka zinayi ndi kubereka ana awiri. Sikuti ndinaiwala. Ndinkaona kuti ulemu ukuchepa m'dziko, ndipo ndinafuna kuti pakhomo pa Amock Harawa, amene anakhala mphunzitsi wamkulu zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu ndi chimodzi, utsalepo wonse wathunthu.

Nachisale kwawo ndi ku Dowa. Mwana wanga Ellard anamupeza akugwira ntchito ya unamwino pachipatala china cha mishoni, nabwera naye kudzakhala pakhomo panga, ndipo pamene Ellard anatumizidwa ku Zomba kukaphunzira zaka ziwiri, anamusiya kwa ife pamodzi ndi ana. Ngakhale mwambo wathu unali wachilendo kwa iye, anausunga koposa ana obadwira konkuno. Zaka zinayi zonsezo sindinamupeze chifukwa, ndipo ndinali munthu wodziwa kufunafuna zifukwa.

Tsopano ndinene za thupi langa, ngakhale si nkhani yokoma kuilemba. Nditapuma ntchito mu 1974 ndinakhala pampando wa pakhonde, ndipo kunena zoona sindinadzukepo. Madzi osamba ankandipeza kubafa, nkhuni zinkawazidwa ndi ena, kumunda ndinkangopita kukaloza ndi ndodo. Mkazi wanga Kezia, amene timamuitana NyaMsiska, ankanyadira kunenepa kwanga monga mlimi anyadira nkhokwe yodzaza. Ankandikazingira nyama ya nkhumba ya mafuta, mazira atatu m'mawa, ndipo m'kapu ya tiyi ankathira masupuni anayi a shuga asanandifunse n'komwe. Amayi a mpingo akamuuza kuti, "A Hedi mukuwasunga bwino," ankabwera kunyumba akumwetulira tsiku lonse. Pofika 1977 sindinkathanso kumanga zingwe za nsapato zanga. M'tchalitchi, pamene ndinali mkulu wa mpingo, masitepe atatu okwerera kuguwa ankanditha mpweya, kotero kuti ndinkayamba kuwerenga mawu ndikupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

Kuchipatala chaching'ono cha ku Katowo kunali dokotala Laws Kumwenda, amene ndinamuphunzitsa ali mwana. Tsiku lina ndinapita kwa iye, NyaMsiska ndi Nachisale atandiperekeza. Anandikweza pasikelo, nandimanga lamba wopopa pamkono, kenaka anati:

"A Hedi, mapaundi anu ndi 241, ndipo magazi akuthamanga kwambiri. Mapiritsi ndikupatsani, koma paokha sangathe. Thupili liyenera kugwira ntchito kuti lichepe. Mukapanda kutero mudzagwa monga anagwera akulu anu a Hezron."

"Laws," ndinamuyankha, "ndinakuphunzitsa kugwira pensulo. Sudzandiona ine ndikudumphadumpha pabwalo ngati mwana wa Sitandade 2."

"Sindinati mudumphe, a Hedi."

"Wanena zokwanira. Ndipatse mapiritsiwo."

A Hezron, akulu anga obadwa nawo bere limodzi, anagwa m'chigafa cha fodya mu 1976, ndipo mbali yonse ya kumanja inafa. Anali onenepa ngati ine. Nyumba yawo ili pamtunda, mamailosi awiri kuchokera kwathu, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti panatha chaka ndi miyezi ndisanakawaone, chifukwa chitundacho chinkandikanika. Ndinkawalembera makalata a moni, munthu wokhala poti utsi wa nyumba yake ndinkauona ndili pakhonde.

Lachiwiri lija kunabwera akulu a mpingo awiri kudzakambirana za denga la tchalitchi. Nditaimirira kuti ndiwalandire, mutu unazungulira, maso anachita mdima, ndipo ndinagwera pampando mwamphamvu mpaka mwendo wake umodzi unang'aluka. M'mphuno munatuluka magazi. NyaMsiska anafuula cha kukhitchini kuti tiyi abwere msanga, wa shuga wambiri, kuti mphamvu zibwerere. Koma m'malo mwa tiyi kunabwera ndowa, ndipo amene anainyamula sanagwade.

"Adada," anatero Nachisale, maso ali pa ine, "ndatopa kutuma. Mpando uwu ukukuphani. Kuyambira lero madzi anu osamba sindidzatunganso. Muzikatunga nokha kuchitsime, ndipo mukakana, tiyambiretu kukonza mphasa yoti mudzagonepo ngati adada aakulu a kumtunda."

Alendo aja anayang'ana pansi. Mmodzi anayamba kufufuza kanthu m'chipewa chake. NyaMsiska anagwira pakamwa. Mawu akuti "ndatopa kutuma" sindinawamvetse pa nthawiyo, ndiponso sindinafune kuwamvetsa.

Sindinakalipe, pakuti munthu wophunzira sakalipa pamaso pa alendo. Masana omwewo ndinalembera kalata mlongo wanga wamkulu Lena, amene anakwatiwa ku Mlowe kunyanja, ndipo pokhala ankhazi, kutanthauza azakhali a ana anga, ndiye amaweruza nkhani za akamwana m'banja mwathu. Yankho linafika patatha milungu iwiri. Anati sangabwere kufikira Seputembala, chifukwa usipa unali pathandala ndipo panalibe womusiyira. Koma chigamulo anachinena kale m'kalatamo: mkazi wotere abwerere kwawo ku Dowa, ndipo ana atsale, popeza ana ndi a kwa Harawa. Kalatayo ndinaiwerenga mokweza pakhonde kuti imveke mpaka kukhitchini. Kumeneko mtondo unaleka kulira kanthawi, kenaka unayambiranso.

Poyembekezera mlanduwo ndinaganiza zomulanga mkamwanayo m'njira yanga. Ndinati ndichita ndendende zimene wanena, kuti mudzi wonse uone nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu zitatu ikutunga madzi m'nyumba muli mkamwana, ndipo manyazi amugwire iye. M'mawa wotsatira Lachiwiri lija ndinavala jekete ndi tayi monga mwa nthawi zonse, ndinatenga ndowa ija, ndi kutsetserekera kuchitsime, mtunda wa theka la mailo.

Amayi amene ndinawapeza kumeneko anasokonezeka. Ena anagwada, ena anabisa nkhope m'nsalu. Koma panali Isabella NyaGondwe, mayi wamasiye wosaopa munthu, amene anaika manja m'chiuno.

"Monire a Hedi. Kunyumba kwagwa maliro kodi, kuti mwabwera nokha?"

"Kulibe maliro. Ndatumidwa."

"Mwatumidwa ndi yani, inu a Hedi?"

"Mukafunse mkamwana wanga."

"Bweretsani tikusenzereni, mungatigwere m'chitsime muno tisowe pomwa."

"Ndanena kuti ndatumidwa ine, NyaGondwe, osati inu."

"Yewo. Ndiye vulani tayiyo tikupindireni nkhata, musenze pamutu ngati anzanu."

Amayi onse anaseka, ngakhale amene anagwada. Ndinatunga madzi anga. Pobwerera ndinapuma kasanu ndi kawiri, ndipo ndinafika ndi theka la ndowa, theka linalo litathera m'thalauza ndi m'nsapato. Ndinaikhazika ndowayo pakati pa bwalo mwaphokoso. Nachisale anali atagwada pakhomo pa khitchini, maso pansi, monga mkamwana wosalakwa kanthu. Kuyambira tsiku lija sanandilankhulenso liwu ndi limodzi lomwe.

Komabe anapeza njira ina yolankhulira. Mlungu wachiwiri ndinapeza kuti ndowa yaikulu ija yachotsedwa, ndipo pamalo pake pali ndowa ziwiri zocheperapo. Ndinati m'mtima, mwanayu akundiyesa. Ndinazitenga zonse ziwiri. Ndinadzamva pambuyo pake kuti anaona ndowa imodzi ikundipendeketsa msana, ndipo anafuna kuti katundu alingane mbali zonse. Mlungu wachinayi ndinapeza zipika za nkhuni zosawaza zitaunjikidwa panjira yopita kubafa, nkhwangwa itatsamira pomwepo, yonoledwa bwino. Ndinawaza, ndikuonetsetsa kuti aliyense wodutsa pamsewu andione. Itafika Julayi ndinapeza debe la chimanga litaikidwa m'thumba pansi pa msomali umene ndimakolowekapo chipewa. Ndinalisenza paphewa mpaka kuchigayo cha ku Katowo, khadi la chipani lili m'thumba la jekete chifukwa cha anyamata oima pachipata cha msika, ndipo ndinaima pamzere pakati pa amayi, ufa ukundigwera pamapewa.

Anthu analankhula monga ndinafunira. Ena anati mkamwana wa ku Dowa wadyetsa a Hedi mankhwala. Ena anati NyaMsiska waleka kuphika. Mawu achiwiriwa anamupweteka mkazi wanga kwambiri, ndipo ankandibisira zidutswa za nkhumba pansi pa masamba m'mbale. Koma masiku amene Nachisale ankaphika, ndiwo zinkabwera za nyemba ndi mphangwe, ndiwo zamasamba zija, mchere uli wongolawitsa, ndipo munthu amene wawaza nkhuni m'mawa wonse sasankha ndiwo.

Chimene sindinachiyembekezere n'chakuti chilango chimene ndinakonzera mkamwana chinayamba kundikomera ine. Kupuma kasanu ndi kawiri kuja kunatsika kufika kanayi, kenaka kamodzi, pamthunzi wa mkuyu. Tsiku lina ndinazindikira kuti ndadutsa mkuyuwo osaima. Pakati pa Julayi thalauza linayamba kutsika, ndipo ndinatenga msomali ndi nyundo, ndinapita kuseri kwa nkhokwe kumene kunalibe wondiona, ndi kuboola bowo latsopano palamba. Lamlungu lotsatira ndinawerama ndi kumanga ndekha zingwe za nsapato. Ndinakhala kanthawi ndikuyang'ana mfundo ziwirizo. Zinali zokhota, pakuti zala zinali zitaiwala, koma zinali zanga.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kudziwonjezera ntchito popanda wondiikira. Pochokera kuchitsime ndinkazungulira njira ya kutchalitchi, imene ndi yotalika ndiponso yokwera. Ndowa ndinkazikweza ndekha pathandala m'malo mozisiya pansi. Zipika ndinkaziwazira patali ndi khitchini kuti ndizitute kangapo. Ndinachotsa munthu amene ankalambula bwalo la tchalitchi Loweruka, ndi kutenga khasu ndekha. Koma popeza mlandu unali usanaweruzidwe, sikunali koyenera kuti wolakwa adziwe kuti wolakwiridwa akukondwa. Choncho ndikayandikira khitchini ndinkabuula mokweza ndi kugwira m'chiuno. Tsiku lina ndikubuula chomwecho ndinamva kaphokoso m'khitchinimo, ngati munthu akuletsa chiseko ndi nsalu. Ndinasankha kukhulupirira kuti chinali chifuwa cha utsi.

Mu Ogasiti, Loweruka lina m'mawa, ndinatuta nkhuni, ndinasamba, ndipo ndinapezeka ndikuyang'ana utsi wa kumtunda kwa a Hezron. Ndinatenga chipewa osauza munthu. Chitunda chimene chinandikanika chaka ndi miyezi ndinachikwera ndikupuma kamodzi kokha.

Ndinawapeza akulu anga atagona pamphasa m'chipinda chamdima. Mkamwana wawo Phyllis, mayi waulemu wosaneneka, anagwada kutali pakhomo, napereka moni kudzera mwa alamu anga. Alamuwo anandiuza kuti a Hezron sanaone dzuwa kuyambira Juni, chifukwa mwana wawo wamwamuna anapita ku Mzuzu ndipo amayi awiri sakanatha kuwanyamula. Ndinavula jekete ndi kulipachika pachitseko. Ndinalowetsa mkono umodzi kunsi kwa mapewa awo, wina kunsi kwa mawondo, ndipo manja amene anazolowera ndowa ndi zipika anawanyamula akulu anga mpaka pampando wa panja. Matenda anali atawapepula, n'zoona, komabe miyezi itatu m'mbuyomo sindikanatha kunyamula ngakhale mpandowo.

Anakhala akuphethira padzuwa, kenaka anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kulankhula kwawo kunali kovuta, pakamwa patapotokera kumbali, ndipo ndinayenera kuyandikiza khutu.

"Amock, mimba ija wasiya kuti?"

"Kuchitsime, akulu. Mkamwana wanga anandichita chipongwe." Ndipo ndinawafotokozera zonse, za ndowa, za alendo, za kalata ya Lena ndi za ana amene adzatsale.

Malovu anatsika pachibwano ndipo ndinawapukuta ndi mpango wanga. Kenaka analoza ndi dzanja lamoyo lija cha kukhomo, kumene Phyllis anali atagwadabe ndi mbale.

"Uyo anaona. Ankadziwa. Mayi ake anafa nawo matenda omwewa." Anapuma. "Sanathe kunena. Ine onse anandigwadira, Amock, mpaka ndinagwa."

Pobwerera sindinazungulire njira iliyonse. Ndinayenda pang'onopang'ono, ndipo nditafika pabwalo sindinabuule.

Kumayambiriro kwa Seputembala ndinapita kwa Laws wapansi. Sikelo inati 204. Anapopa lamba wake kawiri, ngati sakukhulupirira, kenaka anaseka.

"A Hedi, mwakhala mukudumpha mobisa?"

"Sindinadumphe ndi kamodzi komwe. Ndatunga madzi."

"Pitirizani kutunga. Mapiritsi ndikuchepetserani, ndipo mukandithokozere namwino wa kwanuyo. Tsiku lija ndinamunong'oneza kuti inu simundimvera, ayesepo iye."

Lena anafika pa lole Lachisanu lachitatu la mweziwo, ndi dengu la usipa pamutu. Ellard anabwera kuchokera ku Zomba, ndipo atsibweni a Nachisale anachokera ku Dowa. Mlongo wanga atangondiona anatsitsa dengu nayamba kulira.

"Amock! Watsala mafupa okhaokha! Akudya ndani m'nyumba muno? Jekete likulendewera ngati lapachikidwa pamtengo!"

"Ndili bwino, alongo."

"Uli bwino chiyani? Khosi lija lapita kuti?"

Mlandu unakhala Loweruka m'mawa pansi pa mtengo wa mango. Akulu a mpingo awiri aja anabwera monga mboni. Nachisale anagwada patali, chammbali, ana ake awiri atamukangamira m'nsalu. Ellard anakhala pafupi ndi ine, akupotokola chipewa m'manja, pakuti pamlandu wotere mwana salankhula asanafunsidwe. Mboni zinanena zimene zinaona, ndipo sizinawonjezere kanthu. Kenaka Lena anatembenukira kwa wolakwayo.

"Iwe mwana wa ku Dowa, kodi pakhomo pano panalibe apongozi aakazi oti uwatume?"

"Analipo, ankhazi."

"Nanga unadumphiranji?"

"Ndinawatuma kakhumi ndi kamodzi, kuyambira tsiku limene tinachokera kwa adokotala. Yankho silinabwere. Tsiku lija nditaona magazi m'mphuno ndinaopa kuti ulendo wachikhumi ndi chiwiri udzapeza adada atagona kale pamphasa."

Onse anatembenukira kwa NyaMsiska. Ine ndinamufunsa ndekha, mofatsa, pakuti takhala limodzi zaka makumi anayi.

"NyaMsiska, mawu khumi ndi amodzi amenewa ali kuti?"

"Ndinkafikitsa, a Harawa."

"Munkati chiyani?"

"Ndinkati mkamwana akufunsa ngati mwadzuka bwino."

Atsibweni a ku Dowa anatsokomola. Mmodzi wa akulu a mpingo anayambanso kufufuza m'chipewa chake.

"Nanga ndikanati chiyani?" anapitiriza mkazi wanga, misozi ili m'maso. "Ndikanati mkamwana akuti mwanenepa? Inu a Harawa amene munabweza mphunzitsi kunyumba chifukwa cha batani limodzi? Ndiponso ine ndinakupezani muli ngati bango. Thupi lija ndinalimanga ndekha ndi manja angawa, zaka ndi zaka. Ndiye mwana wa dzulo abwere azindiuza kuti ndikupha mwamuna wanga?"

Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake mkamwana wanga ankafunsa kawirikawiri chotere za kadzukidwe kanga, chinthu chimene ndinkachiyamikira monga ulemu wapadera.

Lena sanagwedezeke. Anati kaya mawu anafika kaya sanafike, mkamwana saimirira pamaso pa apongozi, ndipo akamulekerera uyu, akamwana onse a m'banjamo adzayamba kuloza apongozi awo ndi chala. Anabwereza chigamulo cha m'kalata: mayi apite, ana atsale. Nachisale sanalire mokweza. Anangokokera mwana wamng'ono pachifuwa. Ellard anandiyang'ana.

Ndinaimirira, osagwira mpando kapena phewa la munthu, ndipo ndinaona kuti Lena wachizindikira chimenecho.

"Alongo," ndinatero, "amene anakuitanani ndine, ndipo sindikubweza mawu anga. Mkamwana analakwa. Anaimirira, analankhula, ndipo anatero pamaso pa alendo. Mwambo umenewu sindinaupange ine ndipo sindiuthetsa ine. Koma mwambo womwewo unaika khomo loti mkamwana alowerepo akakhala ndi mawu, ndipo khomolo ndinalitseka ndine zaka zinayi, pokana kupereka nkhuku imene aliyense pano anapereka. Njira imodzi imene inatsala, mwamva nokha kumene inkathera. Mwezi wathawu ndinakwera kwa a Hezron ndi miyendo yanga, ndi kuwanyamula ndi manja anga kuwatulutsa padzuwa. Inu mwabwera dzulo, simunakawaone. Mukapite mawa, mukaone mkamwana wawo amene sanalakwepo chiyambire, mukaonenso mphasa. Ine ndaphunzitsa ana oposa chikwi, ndipo ambiri mwa iwo ankaona mmene ndinalili, koma onse, kupatula Laws, ankandivulira chipewa ndi kundiuza kuti ndikuoneka bwino. Mkamwana wangayu yekha ndiye analolera kutaya ana ake kuti ine ndisagwe. Pamaso pa atsibweni ake ndikuti, munalera bwino, ndipo tawonga chomene. Alangidwe monga wolakwa, koma pakhomo pano sachoka. Akachoka, ine ndinyamula ndowa zanga ndi kumutsatira ku Dowa, pakuti ndamva kuti kumenekonso zitsime ziliko."

Lena anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandiuza kuti nditembenuke, ndipo ndinatembenuka ngati mwana wa sukulu woyesedwa yunifolomu. Anagwira mkono wanga pamwamba pa chigongono naufinya.

"Koma ndiye walimba," anatero monyinyirika. "Ndimayesa ndi chifuwa chachikulu." Anakhala pansi nakonza mpango wake. "Chabwino. Koma pano palibe amene achoke wopanda chilango, ndipo iwe Amock usaganize kuti mawu ako ambiriwa akupulumutsa."

Chigamulo chinali chotere, ndipo chinachitika tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Nachisale anagwada pamaso pa akulu a mpingo awiri aja ndi pamaso panga, napepesa kudzera mwa Lena, ankhazi a mwamuna wake, nalipira nkhuku imodzi yaikazi, imene atsibweni ake anakagula kwa NyaGondwe. NyaMsiska analamulidwa kufikitsa mawu khumi ndi amodzi aja pomwepo, mokweza, limodzi ndi limodzi, mkamwana akumukumbutsa pamene waiwala, ndipo achisanu ndi chiwiri anali akuti shuga akhale supuni imodzi. Ine ndinapereka nkhuku yotsegula pakamwa, ndi tambala pamwamba pake chifukwa cha kuchedwa kwa zaka zinayi. Ndinazigwira ndekha pothamangitsa kuzungulira nkhokwe, popeza Lena analetsa aliyense kundithandiza. Anagamulanso kuti madzi anga osamba ndizitunga ndekha masiku onse amene miyendo idzandilole, ndi kuti Loweruka lililonse ndizikwera kumtunda kukatulutsa a Hezron padzuwa. Ana anatsala, ndipo mayi wawo anatsala nawo.